Ndevu Zanga ndi Nsalu Yakale ya Amayi

Ndili ndi zaka naini kapena teni, poti kwathu ku Malama masiku amenewo zaka sitinkazilondola bwino, ndinkakhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti mnyamata akabereka mwana kumsana sadzamera ndevu. Sekani, sindikukuletsani. Inunso muli nazo zanu zimene munkakhulupirira, kungoti mumazibisa. Ine anandiuza ndi anyamata akuluakulu tikuwedza kumtsinje. Ankati thukuta la khanda likalowa pamsana limakwera m'khosi mpaka kuchibwano n'kukawotcha mbewu ya ndevu isanamere. Umboni analinso nawo. Aphunzitsi athu a katekisimu chibwano chawo chinali chosalala ngati chipanda, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti analera azing'ono awo kumsana. Ine ndevu ndinkazifuna kuposa nsapato. Sukulu ndinkapita mwa apo ndi apo, koma chibwano ndinkachisisita m'mawa uliwonse kuona ngati kwabwera alendo.

Chaka chimenecho atate anali kumigodi. Pakhomo tinali ine, amayi, ambuya obala amayi, ndi mlongo wanga Esinala amene anali khanda loyamwa, losadziwa ndi phala lomwe. Mapira atayamba kucha amayi anagwidwa ndi malungo oopsa. Anagona pamphasa akunjenjemera, kenako anasiya kutizindikira, ndipo mkaka wawo unauma. Esinala ankakoka bere n'kulisiya, kukokanso n'kulira. Tsiku lina m'mawa amuna anamanga machira kuti awanyamule amayi kupita kuchipatala cha mishoni, ulendo wautali ndithu. Ambuya anayenera kutsatira machirawo ndi bulangete ndi kamphika. Azimayi ena onse anali atasamukira kuminda kukalinda mapira, ndipo ngakhale akanakhalapo, panalibe ndi mmodzi yemwe woyamwitsa.

Woyamwitsa anali mng'ono wawo wa amayi, amene anakwatiwa kumudzi wina kuseri kwa nkhalango ya mitengo ya tsanya. Ambuya anandigwira paphewa machira atanyamuka kale. Anati nditenge Esinala ndikamupereke kwa amayi aang'onowo dzuwa lisanalowe, chifukwa mwanayo sanayamwe chiyambire dzulo lake. Anati ndidzere kumunda kwa amalume a Lufeyo, umene unali panjira pomwepo, ndikamwe madzi.

"Nsalu zili mudengu. Umubereke, usamunyamule ngati dzungu," anatero uku akuthamangira machira.

Mudengumo munali nsalu ziwiri. Ina inali yatsopano, ya buluu wodera kwambiri, imene atate anatumiza kuchokera kumigodi. Inali isanalowepo m'madzi, yolimba, yonyezimira, yonunkhira sitolo. Amayi ankaisungira tsiku lalikulu limene silinkafika. Inayo inali nsalu yawo ya masiku onse. Kale akuti inali ndi maluwa, koma ine ndinaidziwa itatuwa ngati mchenga wa mu Luangwa, ili ndi chigamba pakona, ikununkha utsi, mkaka ndi thukuta. Ndinaganiza kuti ngati anzanga angandione ndi mwana, bola andione ndi nsalu ya ulemu. Ndinatenga yatsopanoyo. Yakaleyo ndinakulungiramo chigubu cha madzi ndi tinsanza ta mwana, n'kuipachika paphewa.

Poyamba ndinamunyamula m'manja. Khanda ndi lopepuka ukamaliseweretsa pakhonde, koma yendani nalo muone. Tisanapitirire ndi madimba omwe, manja anali atachita dzanzi. Apa ndipo nzeru zanga zinatulukira. Ndinati lamulo la ndevu likunena za msana, za nthiti silinatchulepo. Ndinamanga nsalu yatsopano ija mopingasa, mfundo paphewa, Esinala ndikumuponyamo m'mbali mwanga ngati nsomba m'thumba la msodzi. Ndinadziona wochenjera kwambiri.

Nsalu yosachapa simvera mfundo. Ndikayenda pang'ono mfundo ija inkaseseleka, mwana n'kutsikira kuntchafu. Ndikamukweza, ankapindika, chibwano chake n'kukagunda pachifuwa chake, miyendo yonse mbali imodzi. Ankalira kulira kosasa kwa mwana wa njala. Njira nayo sinandichitire chifundo. Inu a kumtunda simulidziwa dothi la makande likauma njovu zitapondamo nthawi ya mvula. Limasanduka maenje okhaokha, olimba ngati miphika, ndipo phazi silipeza poponda pabwino. Ndinkapunthwa, mwana n'kumagunda m'nthiti mwanga.

Titalowa m'mitengo ya tsanya anabwera akashembe, ntchentche zoluma zija zimene zinatiletsa kuweta ng'ombe kuchigwa kuno. Ndinazizolowera kuyambira ndili wamng'ono, koma tsiku limenelo zinabwera ngati zaitanidwa kuphwando. Zinkatera pansalu paja, n'kuluma kupyola nsaluyo. Ndikamenya kashembe ndinkamenya Esinala. Ndiye ndinakoka nsonga ya nsalu n'kumuphimba mutu wonse kuti zisamulume kumaso. Dzuwa linali litakwera, ndipo m'tsanya mulibe mthunzi wodalirika. Patapita nthawi mwana anasiya kulira. Ine ndinakondwa. Ndinati wagona, ndipume.

Amalume a Lufeyo ndinawapeza atakhala pansi pa chilindo chawo, akukuwira mbalame m'mapira. Anali mlongo wawo wamkulu wa amayi. Mwendo wawo umodzi unali wouma chiyambire pomwe njati inawaponda ali mnyamata wosakwatira, choncho ankayenda chokoka ndi ndodo. Koma ndevu! Zinali zakuda bii, zofika pachifuwa, ndipo akamadya chimanga chowotcha njere zina zinkasochera m'menemo mpaka mawa. Kwa ine amenewo ndiwo anali mwamuna.

Atandiona anafunsa moseka ngati ndawabweretsera mlamba. Kenako anaona kaphazi kakulendewera pansi pa nsalu, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangotambasula manja, ine n'kuwapatsa katundu wanga. Atavundukula, Esinala anali wofewa ngati nsanza yonyowa, milomo itauma, paliwombo patalowa m'kati, pamasaya pali timatuza ta akashembe. Maso anali otseka mwatheka. Amalume anamugoneka pamiyendo pawo pamthunzi, anaviika chala m'madzi n'kumudonthezera pamilomo, kumupukuta pakhosi, kumuuzira kumaso. Ine ndinaima poteropo ndikufotokoza za amayi ndi machira, mawu akutuluka mosalongosoka. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Kenako kamilomo kaja kanayenda, ndipo kanatuluka kakulira kochepa ngati ka mwana wa mphaka.

Amalume anapumira m'mwamba. Anati mwana wa njala akamalira ndiye kuti akadali nafe, woopsa ndi amene wakhala chete. Anatola nsalu yatsopano ija ndi nsonga ya ndodo n'kuiponya pachitsamba chapatali. Anati ndiyang'ane. Posakhalitsa akashembe amene ankatizungulira anatisiya n'kukatera pansalupo. Anati zilombo zimenezi zimakonda chakuda ndi cha buluu, mlenje aliyense amadziwa, ndipo mayi wa kuchigwa salowa m'tsanya ndi mwana m'nsalu yotere.

Kenako anamasula mtolo wanga. Anaitambasula nsalu yakale ija, anaikoka uku ndi uku kuona ngati singang'ambike, anayang'ana chigamba chija, n'kuinunkhiza. Ataiyandikiza kumaso kwa Esinala, kamutu kaja kanatembenuka, kakamwa kakufunafuna bere m'nsalumo. Amalume anati ndaona? Mwana sadziwa sitolo, amadziwa amake.

Anandiuza kuti ndiwerame. Ine sindinawerame. Anabwerezanso. Ndinayang'ana pansi, ndipo misozi imene ndinaigwira njira yonse inayamba kutsika. Anaganiza kuti ndikulirira amayi. Nditawauza chimene ndinkaopa, anagwira ndevu zawo ndi dzanja lonse.

"Bwera ukoke. Koka, uone ngati ndinamata ndi ulimbo."

Ndinakoka pang'ono. Anati ndikoke ngati mwamuna. Ndinakoka mpaka anachita tsinya.

"Amako ndinawabereka ine pamsana pano kufikira atayenda," anatero. "Ambuya ako ali kumunda, ine ndili ndi msinkhu wakowu. Tsono werama, dzuwa silikukudikira."

Ndinawerama. Anamukhazika Esinala pamwamba, kamutu kake pafupi ndi khosi langa, osati kuchiuno kumene ine ndikanamuika. Miyendo anaitambasula, wina uku wina uku, ngati chule. Nsalu anaiyala kuyambira m'khosi mwa mwana kuti mutu usamagwere chagada, nkhope n'kuisiya poyera, itatembenukira mbali. Mbali ya m'mwamba anaidutsitsa m'khwapa mwanga, ine n'kumanga pachifuwa. Ya m'munsi anaipinda pansi pa matako a mwana kuti akhale ngati wakhala pampando, timapazi tili panja. Anandimasulitsa n'kundimangitsanso ndekha mpaka manja anga atazolowera, poti panjira panalibe wondithandiza. Nsalu yakale ija inkagwira mfundo ngati ili ndi mano. Anandiuza kuti ndidumphe pang'ono. Mwana sanasunthe.

Anafunsa ngati ndikumva kanthu pakhosi. Ndinati ndikumva kampweya kofunda. Anati kampweya kameneko ndiko ntchito yanga yonse. Ndisamvere mbalame, ndisamvere njala, ndimvere komweko. Kakasowa ndiime, ndimutsitse, ndimudonthezere madzi. Ndipo akandikodzera ndithokoze, chifukwa ndiye kuti madzi akuyenda m'thupi.

Anandiperekeza mpaka kumapeto kwa munda, mwendo ukukokeka m'fumbi. Kupitirira apo sakanatha, ndipo akananditaya nthawi. Anandisonyeza mlambe wina patali, nati ndikaufika ndikhotere kumanja, ndikaona ndowe ya njovu yofuka nthunzi ndizungulire kutali.

Za ulendo wotsalawo ndilibe zokoma zoti ndikuuzeni. Kunali kuyenda basi. Msana unayamba kuwawa m'munsi, kenako ululu unakwera m'mapewa, kenako ndinasiya kusiyanitsa pamene pakuwawa. Mfundo inkandidya pachifuwa. Thukuta langa ndi la mwana linasakanikirana n'kumatsikira m'kabudula, ndipo ndinaganizako za mbewu ya ndevu ija ikupsa, koma ndinalibe mphamvu yodandaulira. Maenje a njovu ndinkawaponda mosamala ngati nkhalamba. Ndinkayenda nditapendeketsa mutu kuti khosi likhale pafupi ndi kamphuno kake. Nthawi zina mphepo ikawomba kampweya kaja kankasowa, ine n'kuima chilili mpaka nditakamvanso. Ndinamutsitsa kangapo kumupatsa madzi, ndikumanganso ndekha, ndikuwerama pakati pa tchire ngati munthu wofuna singano.

Nditadutsa mlambe uja ndinamva chinthu chofunda chikutsika pamsana panga. Sichinali chambiri. Ndinaseka ndekhandekha m'thengo ngati wamisala. M'moyo wanga ndalandirapo mphatso zingapo, koma sindikumbuka ina imene ndinaikondwera chotero.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Amayi aang'ono anali akupeta mapira pabwalo, wawo mwana ali kumsana. Atandiona sanafunse za moni. Anataya lichero, anamasula mfundo pachifuwa panga, anakhala pansi pomwepo padothi n'kutulutsa bere. Esinala poyamba analephera kugwira. Anamufinyira mkaka pamilomo, ndipo kenako ndinamva kakumeza. Ine ndinali chiwerewerebe. Msana unakana kuwongoka. Amuna awo a amayi aang'ono anachita kundigwira m'mapewa n'kundiwongola ngati mpini wokhota.

Mwina mukuganiza kuti ntchito inathera pomwepo. Ayi. Amayi aang'ono msana anali nawo umodzi, makanda awiri. Ndinakhala kumudziko monga mlezi mpaka amayi atabwerako kuchipatala ataonda ngati bango, ndipo atabwera analibe mphamvu yobereka mwana. Esinala anachoka pamsana panga atayamba kuyenda. Anzanga a kumtsinje anandiseka mpaka kutopa. Nsalu yakale ija inatha n'kusanduka nkhata. Lero Esinala ndi mayi wonenepa wogulitsa tomato pamsewu ku Jumbe, mawu ake amamveka minibasi isanaime, ndipo ndikamuyang'ana msana wanga umayamba kuwawa wokha. Ndevu zinamera, zikomo pofunsa. Sizinafike pa za amalume. Zinamera motalikirana ngati chimanga cha m'munda wa mlesi, koma ndi ndevu ndithu.

Nkhani imeneyi ndaifotokoza kambirimbiri pamowa. Koma ndikamaifotokoza ndinkaikamo mkango, nsalu n'kuichotsamo. Ndinkati mlongo wanga ndinamunyamula dzanja limodzi, linalo lili ndi nkhwangwa. Mkazi wanga, amake Jesi, nayenso anaimva ya mkango yomweyo.

Chandikumbutsa zoona zake ndi mdzukulu wathu Tamara, amene amaphika kumalo ogona alendo oona nyama ku Chinzombo. Tchuthi chake cha uchembere chitatha, anabwera kudzatisiyira mwana wake wamwamuna kuti tizikhala naye masana. Anabweretsa matewera, botolo, ndi chinthu china chakuda cha malamba ambirimbiri ndi zomangira za pulasitiki zolira kuti kha, chimene anagula ku Chipata. Anati imeneyo ndi mbereko yamakono, mwana amakhala kutsogolo, msana suwawa. Anationetsa kamangidwe kake mothamanga galimoto ya kuntchito ikuliza hutala pamsewu.

"Ambuya, musakokere apa, mukokere apa. Ndibwera madzulo, cha m'ma seventini."

Anapita. Mwana anayamba kulira galimoto isanazimiririke. Sindikunyoza chinthu chija. Pa Tamara chimakhala bwino, ndipo ndaona anamwino a pachipatala chathu akuyenda nazo ana awo ali phee. Koma amake Jesi atachivala chinawafika m'mawondo. Ine nditayesa ndinadzimanga dzanja limodzi kumbuyo ngati wakuba. Kunkatentha, chinthucho ndi chokhuthala ngati chishalo, mwana anafiira. Amake Jesi anati tisiye zimenezi, anatenga chitenje. Anawerama kuti amuike kumsana, ndipo ndinamva akubuula. Msana wawo unatha kale. Amayenda chowerama, ndipo m'mawa amadzuka chogwira khoma. Anayesa kuwongoka mwana ali pamwamba, miyendo inanjenjemera, ndinachita kumuwakha mwanayo.

Anakhala pakhonde akupuma movutika, mwana akukuwa m'manja mwanga. Chitenje chimene anatenga chinali chatsopano, cha kumpingo. Ndinachisiya pomwepo. Ndinalowa m'nyumba n'kupeza chitenje chakale chimene Tamara anakulungira zovala za mwana, chotuwa, chofewa, chimene amafunda akamayamwitsa. Ndinachikoka uku ndi uku. Ndinachinunkhiza. Ndinawerama, mawondo akulira, n'kumukweza mnyamatayo mpaka kukhosi, miyendo ngati chule, nkhope poyera, m'mwamba pachifuwa, m'munsi pansi pa matako. Mutu wanga sunakumbuke kanthu, manja ndiwo anakumbuka. Ndinayenda naye kuzungulira nkhokwe, ndipo posakhalitsa kulira kunasanduka kudandaula, kudandaula n'kusanduka kampweya kofunda pakhosi panga. Ndinapendeketsa mutu ngati kale.

Anthu odutsa ankati mwaswera bwanji uku akubisa mano. Wina anafunsa ngati ndalembedwa ntchito yatsopano. Ndinamuuza kuti abwere akoke ndevu zanga. Pofika madzulo msana unali moto, ululu womwe uja wa m'maenje a njovu, ngati unangondidikira zaka zonsezi.

Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti amalume sanandiphunzitse mfundo yokha. Mbereko yabwino, kaya ya nsalu kaya ya malamba, ndi imene mwana akhala pamwamba, akupuma poyera, ndipo wonyamulayo akumva kupumako. Zimenezo ndinazidziwa ndili mwana. Chimene ndachidziwa mochedwa ndi chakuti kulemera kuja sikuchoka chifukwa mfundo yamangidwa bwino. Kumangokhala pamsana wa munthu wina, ndipo munthuyo amayenda nako kumunda, kuchitsime, kuchigayo, osakuuzani.

Amake Jesi anakhala pakhonde masana onse. Ankangondiyang'ana ndikamazungulira nkhokwe. Tamara atabwera anaseka mpaka kukhala pansi, anandijambula pafoni, anatenga mwana wake n'kupita. Titadya, ndinagona chafufumimba pamphasa n'kupempha amake Jesi kuti andipakeko mankhwala awo a msana. Anabwera nako kabotolo, anakhala pambali panga pang'onopang'ono monga amakhalira masiku ano, dzanja limodzi lili pachiuno. Sanatsegule msanga. Ine ndinkadikira kuti andiyamikire.

"Atate ake Jesi," anatero motsitsa mawu, "ana onse aja, wina kumsana wina m'mimba, mtolo wa nkhuni pamutu, inu muli kutsogolo ndi kankhwangwa kanu. Kani mumadziwa kumanga?"